Woyankha Nambala 7

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi mwana. Kodi chifuwa chija chinkakuvutani chifukwa cha kuzizira chinatha? Mayi amafunsa pafupipafupi. Kuno tilipo. Mayi miyendo ikumawatupa chifukwa chopalasa makina osokera tsiku lonse, koma akuti si matenda, ndi ukalamba ukugogoda pakhomo. Ine ndili bwino, mayeso tiyamba mwezi wamawa.

Moni wathera pamenepa. Tsopano mundimvere.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sitilankhulana. Mukaimba, mayi amakhala pomwepo, khutu lili paphewa langa, ndipo inu funso lanu ndi limodzi lokha, loti mafomu anu ndatumiza kapena ayi. Ndikati ndiyambe zanga, mumati mukulowa m'kalasi. Lero ndi Lachitatu. Ndikulembera pa desiki yakumbuyo, anzanga onse ali panja pa buleki, ndipo ndikamaliza ndiijambula n'kukutumizirani lero lomwe. Muiwerenge yonse mpaka pansi, monga mmene ine ndinawerengera zanu.

Ndiyambe ndi kukukumbutsani, poti anthu ophunzira kwambiri mumaiwala msanga.

Chaka chatha kunabwera amuna atatu ovala zipewa zolimba zachikasu, atanyamula tepi yoyezera ndi chitini cha penti wofiira. Anayeza msewu wathu kuyambira pamlatho mpaka pampopi, akumasiya chizindikiro pakhoma lililonse. Kwathu anachilemba pakhoma la chipinda chakumaso, pansi pa windo lomwe mayi amaikapo makina kuti aziona bowo la singano. Anati msewu aukuza kuti malole azidutsana osadikirana. Mayi atafunsa kuti nanga iwo azisokera kuti, wamkulu wa anthuwo anayankha kuti iye ndi woyeza chabe, za kusoka sazidziwa.

Nditakuuzani zimenezi munasangalala. Musakane, ndinamva m'mawu mwanu. Munati nkhaniyi ikugwirizana ndendende ndi maphunziro anu. Munandifotokozera kuti chitukuko si mphatso yoti munthu azilandira atagwada, koma ndi ufulu wake wachibadwidwe. Munati anthu ayenera kufunsidwa chisanachitike, ayenera kutengapo mbali, ndipo ayenera kupindula nacho, osati kungopondedwa nacho. Tsiku limenelo ndinakunyadirani kwambiri. Mawuwo ndinawalemba kuseri kwa kope langa la masamu, ndipo ndinawaloweza ngati vesi.

Kenako munatumiza mafomu a kafukufuku wanu, masamba anayi anayi, tsamba lomaliza lofunika kusainira. Munati ndiyende nawo m'nyumba zonse zapenti wofiira. Mukundidziwa ine. Kupereka moni kokha kumandilemera, ndipo kusukulu alipo amene amaganiza kuti sindilankhula. Koma kwa masabata asanu, ndikaweruka, ndinkayenda khomo ndi khomo ndi yunifolomu yanga. Ndinagogoda makomo makumi atatu ndi limodzi.

A Sipoko, okonza njinga aja, anandikhazika pa chigubu n'kunena kuti mafunso anu ndi ochuluka ngati a dokotala amene alibe mankhwala. Nditafika pa funso loti kodi akuona kuti anafunsidwa mokwanira, anaseka mpaka sipanala kugwa. Anati inde anafunsidwa, anafunsidwa kuti asendeze njinga kuti tepi idutse.

A Lumo anayankha akumeta munthu. Anati chitukuko amachidziwa bwino, chimadutsa pakhomo pawo tsiku ndi tsiku pa matayala khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo gawo lawo limene amalandira ndi fumbi la pagalasi. Wometedwayo anati nayenso alembedwe, a Lumo n'kumuuza kuti akhale chete, mutu wake womwewo ukufunika chitukuko.

Amake mapasa anakana. Anati mapepala anadyapo kale nyumba za anthu, ndipo iwo chala chawo sadinda pa chinthu chimene sangathe kuwerenga. Mayi ndiwo anapitako okha, tepi ya utelala ili m'khosi, kukawauza kuti mapepalawa ndi a mwana wawo, ndipo mwana wawo sangagulitse msewu umene anaphunzirirapo kuyenda. Apo m'pamene anavomera. Inki yodindira tinalibe, ndiye ndinaswa bolopeni yanga n'kuwapaka pachala. Anakhala nayo inkiyo masiku atatu, akuonetsa aliyense pampopi.

Aliyense ankandifunsa kuti mapepalawa akupita kuti. Ndinkayankha zimene munandiuza inu, kuti mawu awo akamveka kwa anthu akuluakulu.

Masamba onse ndinajambula n'kukutumizirani. Kenako munati kuyunivesite akufuna mapepala enieniwo, okhala ndi masiginecha ndi zidindo, apo ayi kafukufuku wanu sangamuvomereze. Ndinali nditawaika kale mu envelopu. Ndikanatumiza sabata yomweyo mukanapanda kunditumizira chaputala chanu chachinayi kuti ndione ngati simunalakwitse chiwerengero cha nyumba.

Aphunzitsi oyang'anira makompyuta anandisindikizira. Ndinawerenga masiku atatu kuseri kwa labu, dikishonale ili pamwendo, chifukwa Chingerezi chanu tsopano chimavala jekete. Chiwerengero cha nyumba munakhoza, achimwene. Pamenepo musade nkhawa.

Msewu wathu munautchula kuti Dera A. Munalemba kuti munausankha chifukwa ndi chitsanzo chabwino. Ndinafufuza tsamba ndi tsamba pamene mwanena kuti munabadwira pomwepo, kuti chala chanu chakuphazi chinachoka chikhadabo pa mwala wa pamlatho uja. Palibe.

Anthu onse munawasandutsa manambala, koma ine ndinawazindikira chifukwa ndine ndinalemba mawu awo. A Sipoko ndi nambala 12. Nthabwala yawo ya tepi munaichotsa, m'malo mwake munalemba kuti woyankhayu sanamvetse funso. Anamvetsa kuposa inu.

Mayi ndi nambala 7. Ndikubwezerani mawu anu mmene ndinawamvera: mkazi wamasiye, wa zaka zopitirira makumi asanu, wa maphunziro ochepa, wodalira ntchito yamanja yosakhazikika. Yosakhazikika! Makina amene sanasunthepo pawindo paja zaka makumi awiri ndi ziwiri, moti miyendo yake inakumba timaenje pa simenti. Makina amene anasoka kabudula aliyense amene munang'amba kusukulu, ndi malaya oyera amene munavala pokwera ndege. Ngati pali chinthu chokhazikika m'banja mwathu, ndi makina amenewo, osati inu.

Ndipo pamapeto munamanga mfundo yanu, yoti anthu a Dera A saudziwa ufulu wawo, ndiye amangolandira zowagwera mwakachetechete.

Ndinafunsa aphunzitsi chifukwa chake mayina amabisidwa. Anati ndi lamulo la kafukufuku, loteteza anthu oyankha. Chabwino, ndavomera. Koma kubisa dzina la munthu ndi kwina, kubisa kuti ndi mayi ako ndi kwinanso. Choyambacho chimateteza mayi. Chachiwiricho chimateteza inu.

Pansi pa uthenga umene munatumizira chaputalacho munawonjezera kapempho. Munati tsiku logwetsa likafika ndidzaime pamalo amodzi, ndijambule khoma lisanagwe ndiponso litagwa, kuti zithunzi zidzafanane bwino m'chaputala chachisanu. Munalemba kuti ndionetsetse kuti dzuwa lili kumbuyo kwanga. Ndinawerenga kawiri kuti mwina ndi maso anga.

Mpaka apa ndakhala ndikuloza inu. Tsopano ndiloze ine, chifukwa nanenso ndili ndi mlandu, ndipo wanga ndi umene watifikitsa pamoto.

Mapepala a chaputala chanucho ndinawasunga m'chikwama cha kusukulu. Loweruka lina mayi anatenga chikwamacho kuti asoke lamba wake amene anathothoka, n'kuwapeza. Chingerezi samva, koma dzina lanu amalidziwa ngakhale litalembedwa chazondoka. Anaimitsa makina, anapukuta manja pa chitenje, anaitana amake mapasa amene ankadikira diresi lawo pabenchi, n'kundiuza kuti ndiwawerengere zimene mkulu wanga walemba, ndizimasulira pang'onopang'ono.

Tsamba limene anandipatsa linali lomwelo la nambala 7. Ndinaliyang'ana, ndinayang'ana mayi. Anali atakhala mowongoka ngati ali m'tchalitchi, timaulusi tili m'tsitsi. 

Ndiye ndinawerenga zimene panalibe. Chala changa chinkayenda m'mizere yanu, koma mawu ankachokera kuseri kwa kope la masamu. Ndinati iyi ndi kalata imene achimwene alembera a ofesi ya zamisewu. Ndinati akuwauza kuti chitukuko ndi ufulu wa anthu a mumsewu uno, kuti sangagwetse khoma la munthu asanamumve, ndipo kuti mayina onse makumi atatu ndi limodzi awapereka. Bodza likayamba limathamanga lokha. Ndinapezeka ndanena kuti mwalembanso kuti mayi anga anandilera ndi makina amene ali m'chipinda chimenechi, ndipo wogwetsa chipindachi wagwetsa sukulu yanga yoyamba.

Mayi anaphimba nkhope ndi nsalu ya diresi la eni ake. Amake mapasa sanadandaule, nawonso ankapukuta m'maso. Kenako mayi anati ndibwereze pamenepo, pa makinapo. Ndinayenera kukumbukira bodza langa liwu ndi liwu, chala chili pa mzere umene ukuti ntchito yosakhazikika.

Dzuwa lisanapendeke msewu wonse unali utamva. A Lumo ankauza mutu uliwonse wokhala pampando wawo. A Sipoko anayamba kunditchula kuti mlembi wa loya, ndipo ndikamadutsa amavula chipewa mwachipongwe n'kunena kuti bwana mlembi adutse kaye. Ine ndinkangomwetulira ngati chitsiru. Ndinkadziuza kuti bodza lake ndi laling'ono, losangalatsa mayi, silipweteka munthu.

Masabata atatu apitawo anadzamata chidziwitso pa mtengo wamagetsi wa pampopi. Chikuti aliyense amene ali ndi dandaulo pa za msewu alembe kalata n'kukapereka ku ofesi pasanathe masiku makumi atatu. Akatha masikuwo, zigalimoto zogwetsa zibwera.

Anthu anasonkhana pomwepo Lamulungu masana. Mwana wa a Lumo, wamkulu uja, anati tipeze pepala tilembe, aliyense asaine. Ena anavomereza. Apo mayi anaimirira. Mayi athu, amene pamsonkhano salankhula. Anati anthu asavutike, kalata yathu inapita kale, ndipo anailemba ndi munthu amene akuphunzira zomwezi kunja. Anati tikalembanso ina ndi zilembo zathu zokhotakhota tingosokoneza ya bwinoyo. A Sipoko anati zoona, mphika umodzi sautakasa anthu awiri. Anthu anaomba m'manja n'kubalalika.

Ine ndinali pomwepo, nditatsamira mtengo womwewo, chidziwitso chili pamwamba pa mutu wanga. Mawu anafika pakhosi. Ndinayang'ana nkhope ya mayi mmene inkawalira pakati pa anthu, ndipo ndinawameza. Ndakhala ndikuwameza masabata atatu.

Dzulo ndinathawa phunziro lomaliza n'kupita ku ofesi kuja. Ndinadikira pabenchi mpaka kalaliki anatopa nane. Nditatchula msewu wathu anatulutsa fayilo, anaitsegula, anaitembenuza kuti ndione ndekha. Munalibe kanthu, ngakhale kapepala. Pambali pake panali fayilo ya anthu a kutsidya kwa mlatho, yonenepa mpaka anaimanga ndi mphira. Anati iwowo analemba, ndipo awaitana kuti akakambirane za kusuntha mzere. Ndinafunsa kuti nanga fayilo ikakhala yopanda kanthu zimatha bwanji. Anayankha akutafuna chivindikiro cha bolopeni, kuti ndiye kuti eni ake avomera, wokhala chete wavomera.

Mukuona chimene ndachita? Munalemba kuti anthu a kwanu amalandira zinthu mwakachetechete. Pamene munkalemba linali bodza, chifukwa anthuwa anayankhula, ndinawamva ndekha, masamba anayi anayi. Ndine ndalisandutsa zoona. Ndawatseka pakamwa ndi dzina lanu. Mukadzapambana mayeso anu, mudzandithokoze m'munsi mwa tsamba.

Kwatsala masiku asanu ndi anayi. Lachisanu la sabata yamawa atseka.

Ndayesa kulemba ndekha katatu. Aphunzitsi anawerenga n'kunena kuti mtima ulimo, koma a ofesi sawerenga mtima. Akuti pafunika kutchula ndime za malamulo zimene zikuphwanyidwa, ndiponso kuwasonyeza njira ina. Njira inayo ilipo ndipo mukuidziwa. Tsidya lina la msewu kuli bwalo la fakitale yotsekedwa ija, kumene kumangomera udzu. Inu nomwe munalijambula pa mapu a m'chaputala chanu, n'kulemba kuti msewu ukanatha kukulira kumeneko popanda kukhudza nyumba. Munazilembera pulofesa wanu kuti akupatseni malikisi. Kalaliki amene ali ndi fayilo yathu sanazionepo.

Ndikudziwa chimene muyankhe, poti munandiuzapo kale. Munati wofufuza salowerera, amangoona n'kulemba, akalowerera kafukufuku amawonongeka. Mwina kumeneko n'zanzeru. Kuno munthu amene nyumba ya amake ikupsa, iye n'kumayeza kutalika kwa malawi, sitimutcha wophunzira. Tili ndi dzina lina, koma mayi anandiletsa kutukwana akulu.

Ndiye mvetserani chimene ndikufuna. Lembani kalata imene ndinanama kuti munalemba. Kwa inu ndi ntchito ya masana amodzi. Muikemo ndime zanuzo, muikemo mapu, muikemo ufulu uja munandiphunzitsa pafoni. Pansi musaine dzina lanu lonse, ndipo munene poyera kuti nyumba yachisanu kuchokera pampopi ndi kwanu, ndipo mayi osoka pawindo ndi mayi anu. Za sukulu yanu yoyamba zija musalembe ngati simukuzimva mumtima. Zimenezo zinali zanga.

Ifike Lolemba m'mawa ndisanalowe m'kalasi. Ndidzaisindikiza, ndidzayendanso makomo onse aja kuti anthu asainire, ndipo Lachitatu ndidzakaipereka ndekha.

Musaganize kuti ndikufuna mundibisire bodza langa. Ayi. Lolemba ndikaweruka ndikawauza mayi kuti kalata sinapite, kuti ndinawanamiza pamaso pa mnzawo, ndipo ndinawasiya aimirire pagulu n'kulonjeza anthu chinthu chimene kulibe. Kenako ndikauza a Sipoko, a Lumo, amake mapasa ndi ena onse, mmodzimmodzi. Chipewa chija sadzandivuliranso, ndipo mwina mayi adzakhala masiku osandiyang'ana. Zimenezo ndi zanga, ndazivomera.

Chimene chili kwa inu ndi chimene ndidzanyamule m'manja polowa m'chipinda chija. Ngati ndi kalata yanu, ndidzati inachedwa koma nayi, ndipo za chaputala chachinayi sadzazimva kwa ine mpaka kalekale. Ngati manja adzakhale opanda kanthu, mayi adzafunsa kuti nanga pamapepala paja panalembedwa chiyani. Mukuwadziwa, adzafunsa. Ndipo ine sindidzawanamizanso kachiwiri. Ndidzawerenga zimene zilipo, mzere ndi mzere, pang'onopang'ono monga amafunira.

Za mafomu anu, musavutike kuimbira mayi kuti awafufuze m'chipinda changa. Sali kunyumba. Ali m'kabati ya aphunzitsi, yokiya. Kalata yanu ikalowa mufayilo ija, tsiku lomwelo envelopu yanu inyamuka, onse makumi atatu ndi imodzi, osapindika ngakhale pakona. Ikapanda kubwera, ndidzawamangirira kumbuyo kwa kalata yanga yamtima ija n'kukawapereka kwa kalaliki. Anthu anasaina atauzidwa kuti mawu awo akamveka kwa akuluakulu, ndiye akamveka ndithu, ngakhale si akuluakulu amene inu munkanena. Digiri yanu mudzaipezera Dera B. Misewu yogwetsedwa ndi yambiri, ndipo yina ilibe abale anu.

Mwina mukuti mwana uyu wachita mwano. Mwina ndachitadi. Munachoka ndili wamfupi, wongotumidwa, ndipo mukuganiza kuti ndikadali pomwepo. Koma ufulu umenewu munandiphunzitsa ndinu. Munati munthu ayenera kufunsidwa pa zinthu zokhudza moyo wake. Ine simunandifunsepo ngati ndikufuna kujambula khoma la mayi likugwa. Ndikuyankha ngakhale simunafunse: sindijambula.

Belu lalira, anzanga ayamba kulowa.

Mundiperekere moni kwa alamu. Muwauze kuti ndilibe nawo chifukwa, ndipo ngati mukufuna muwaonetse kalatayi, aweruze okha. Mwana mumupsompsone m'malo mwanga, ngakhale sakundidziwa. Mayi m'mawa uno anati ndikakulankhulani ndikuuzeni kuti amakupemphererani tsiku lililonse, kuti Mulungu akusungeni, akupatseni nzeru, ndipo akudalitseni chifukwa cha zimene mwachitira msewu wathu. Ndapereka uthengawo monga anaunenera, sindinachotsepo kanthu.

Amusokeranso mwana wanu kadiresi kachikasu ka mabatani atatu kumbuyo. Msinkhu anangoyeza ndi maso pa chithunzi chija, n'kusiya mpendero waukulu kuti akamakula muzingomasula. Anakakulunga bwino n'kundiuza kuti ndikaike mu envelopu imodzi ndi mafomu anu, kuti zonse zifike pamodzi. Kadiresiko ndikatumiza mawa pakokha. Mwanayo sanalakwe kanthu.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime